Kuwerenga akabawi ndi ziwombankhanga zobwerera kumpoto: tiime pati, tilembe chiyani?

Mwale wa ku Chelstone:
Abale anga, Febuluwale wafika pakati, ndipo mbalame zolusa zomwe zinabwera ndi mvula ya Okutobala ndi Novembala zatsala pang'ono kubwerera kwawo kukaswa. Ku Ulaya ndi ku Asia chisanu chikutha, kuno dzinja likupita kumapeto. Maganizo ndi oti chaka chino tiziwerenge mwadongosolo, kuyambira sabata yomaliza ya Febuluwale mpaka pakati pa Epulo, Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Tigwirizane malo oimapo, maola, ndi zolemba papepala. Amene mukuidziwa ntchitoyi tithandizeni, chifukwa pagulu pano pali atsopano ambiri amene ali ndi bainokyula koma sanawerengepo.

Agogo Njobvu:
A Mwale, atsopanowo auzidwiretu kuti Lusaka si Eilat, malo otchuka owerengerako mbalame ku Israel, kuopa kuti angathawe tsiku loyamba lomwe. Ziwombankhanga ndi akabawi akuluakulu sapalasa mapiko ulendo wonse. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera, mbalame n'kulowamo, n'kumazungulira mpaka pamwamba, kenaka n'kutsetsereka osakupiza mpaka itapeza mpweya wina wokwera. Pamwamba pa madzi mpweya wotere kulibe, ndiye mbalamezi zimapewa nyanja. N'chifukwa chake zimaunjikana pamene mtunda wapanikizana: ku Bab el Mandeb, ku Suez, ku Eilat, ku Bosphorus, ku Gibraltar. Ku Eilat mu 1985 anawerenga zoposa miliyoni imodzi m'nyengo imodzi yobwerera kumpoto. Ku Batumi m'dziko la Georgia, kumene awerenga chaka ndi chaka kuyambira 2008, zimapitirira miliyoni pa ulendo wobwera kuno, chifukwa mbali ina kuli Black Sea, mbali ina mapiri.

Ifeyo tili pachidikha chotambalala, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, popanda chozipanikiza. Zimadutsa momwazikana, ina pa Kafue, ina pa Chongwe, ina pa Mumbwa. Ola likhoza kutha osaona kanthu. Choncho phindu la kuwerenga kwa kuno silili pa kuchuluka, lili pa kubwereza: malo omwewo, maola omwewo, chaka ndi chaka. Amene akufuna kuona mlengalenga mutada ndi mbalame asunge ndalama ya ndege.

Anaphiri:
Zoona agogo, koma pomwazikana pomwepo pali malo abwinoko. Funani pokwera, poti muone mbali zonse, makamaka kummwera komwe mbalame zikuchokera. Mapiri a Munali panjira ya ku Mazabuka ndi abwino chifukwa mphepo ikagunda phiri imakwera, ndipo mbalame zimatsata mzere wa phiri ngakhale dzuwa lisanatenthe. Chimodzimodzi mphepete mwa chigwa cha Zambezi, pamene msewu wa ku Chirundu umayamba kutsika. Kwa amene sangapite patali, zitunda za kumapeto kwa msewu wa Leopards Hill, kapena denga la nyumba yosanja m'tauni mutapempha mwini wake.

Kuyang'ana kummwera kuli ndi ubwino wina mwezi uno. Kuyambira pakati pa Febuluwale dzuwa la masana limakhala kumpoto kwa Lusaka, ndiye mukapenya kummwera lili kumsana kwanu, mbalame yobwera imaoneka mtundu wake. Ikakudutsani n'kupita kumpoto imasanduka chithunzithunzi chakuda. Muizindikire isanafike pamutu panu, ikapita yapita.

Malo osayenera: pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndi pafupi ndi kampu iliyonse ya asilikali. Munthu wokhala ndi telesikopu ndi kamera yaitali kumeneko amafunsidwa mafunso ambiri. Pa famu ya munthu pemphani kaye. Kumudzi kaonekereni kwa anyakwawa musanayale zida.

Sakala:
Amai Anaphiri, nanga ku Chunga kotayira zinyalala? Akabawi amakhala mbwee kumene kuja, bwanji osayambira komweko?

Anaphiri:
Ayi a Sakala, kumeneko ndi kumene mungawononge chiwerengero. Akabawi a ku Chunga ndi odya, osati odutsa. Mmodzi yemweyo mudzamulemba kakhumi. Malo aliwonse okhala ndi chakudya, kaya kotayira zinyalala, kophera ng'ombe, kapena munda wongolima kumene, amakoka mbalame zoti sizili paulendo. Mukafuna, werengani ku Chunga kamodzi pa sabata nthawi imodzimodzi, kuti muone kuchepa kwawo pamene Malichi akupita. Imeneyo ndi ntchito yabwino, koma ndi ina, ndipo ikhale papepala lake.

Zulu wa ku Chongwe:
Apa Anaphiri akhudza vuto lalikulu kwambiri la kuno. Ku Eilat pafupifupi chilichonse chodutsa ndi chapaulendo. Kuno mbalame zomwe tikuwerenga zakhala nafe miyezi inayi kapena isanu, ndiye steppe buzzard (imodzi mwa mbalame zolusa zochokera kumpoto) imene mukuiona ikhoza kukhala yochoka ku Zimbabwe, kapena ya pamtengo wa magetsi wapafupi imene yangokwera kukasaka. Lamulo likhale ili: mbalame imalembedwa kuti ndi yapaulendo pokhapokha mwaitsata ndi bainokyula kuchokera kummwera, yadutsa mzere umene mwagwirizana, ndipo yapitirira kumpoto kapena kumpoto chakummawa mpaka kuzimirira, osatembenuka, osatsika.

Mzerewo ndi wongoganizira, wochoka kumadzulo kupita kummawa kudzera pamene mwaima. Sankhani zizindikiro ziwiri, monga nsanja ya foni mbali ina, phiri mbali ina. Isanadutse musalembe.

Yosaka imadziwika. Mutu umakhala choweramira, ikuyang'ana pansi, nthawi zina miyendo ili lende, imaima m'malere kapena kubwerera pomwe yachokera. Yapaulendo ikamaliza kukwera imapinda mapiko pang'ono, mchira n'kuutseka, n'kuwongola. Zokayikitsa zonse zipite m'danga lina lolembedwa kuti "zapamalo". Musazitaye, komanso musaziphatikize.

Ndipo pali zina zoti si zapaulendo wa mtundu umenewu: mphungu, nkhwazi, miimba, tawny eagle, ziwombankhanga zodya njoka. Miimba imauluka makilomita ambiri molunjika ngati ili paulendo, koma ikungofuna nyama yakufa. Ilembeni padera, chifukwa chiwerengero chake chikufunika kwambiri masiku ano pamene ikutha ndi poizoni.

Mwale wa ku Chelstone:
Za maola tinene chiyani? Ena akuti tiziyamba 06:00.

Agogo Njobvu:
06:00 mukawerenga njiwa. Mpweya wokwera umayamba nthaka ikatentha, cha m'ma 09:00. Fikani 08:00, muyale zida, muyambe kulemba 08:30. Nthawi yabwino kwambiri ndi 09:00 mpaka 11:30, pamene mbalame zagona pafupi zikunyamuka ndipo zikadali pansi. Pakati pa 12:00 ndi 14:00 zimakwera kwambiri moti maso sazipeza, ndipo anthu amaganiza kuti zasiya kudutsa, chonsecho zikudutsa pamwamba. Zimaonekanso cha m'ma 15:30 zikamatsika kufuna pogona. Amene angathe atseke 16:30. Amene sangathe atseke 13:00, koma alembe kuti anatseka 13:00.

Mitambo ndi bwenzi lanu. Thambo loyera lopanda mtambo ndi loipa, diso limasowa pogwira. Mitambo yoyera ya mbuu, yophwanthalala kunsi, imamera pamwamba penipeni pa mpweya wokwera, ndiye funani kunsi kwake. Tsiku lotsatira mvula ya masiku awiri kapena atatu ndi losaphonya, chifukwa zonse zimene zinatsekeredwa zimanyamuka pamodzi. Mvula ya mabingu ikamabwera masana, yang'anani kutsogolo kwake, mphepo yake imakankha mbalame zambiri. Koma bingu likamveka pafupi tsikani paphiri. Munthu wogwira miyendo yachitsulo ya telesikopu pachitunda akuputa mphezi.

Daka:
Ndiikepo za pepala, poti ndi ine ndidzasonkhanitse. Pamwamba: tsiku, dzina la malo ndi manambala a GPS, chiwerengero cha owerenga, nthawi yoyamba ndi yotseka. Kenaka mzere umodzi pa ola lililonse. Pachiyambi pa ola lembani nyengo: komwe mphepo ikuchokera, mphamvu yake, mitambo, ndi kutalika komwe mukuona.

Mphamvu ya mphepo tigwiritse muyeso wa Beaufort, sufuna chida. Utsi ukukwera chowongoka ndi 0. Masamba akungogwedera ndipo mphepo ikumveka kumaso ndi 2. Masamba ndi timitengo tating'ono sizikupuma ndi 3. Fumbi ndi mapepala zikuuluka ndi 4. Mitengo ing'onoing'ono ikuweyuka ndi 5. Mitambo gawani thambo m'magawo 8, mulembe angati aphimbidwa: 0 ndi loyera, 8 laphimbidwa lonse. Za kutalika, sankhani zinthu zitatu zodziwika mtunda wake, mulembe chakutali chimene chikuoneka.

Chimene anthu amaiwala ndi kulemba ziro. Ola lopanda mbalame lilembedwe 0, osasiya pabwalo. Danga lopanda kanthu silitiuza ngati munayang'ana osaona, kapena munapita kukagula madzi. Ndipo pomaliza sitifananitsa mbalame zonse, timafananitsa mbalame pa ola. Gulu lina likaona 36 m'maola 6, lina 20 m'maola 2, loyamba lili ndi 6 pa ola, lachiwiri 10. Popanda maola manambalawo alibe ntchito.

Lembani ndi pensulo. Inki imasungunuka ndi dontho limodzi la mvula kapena thukuta.

Sakala:
A Daka, bwanji osangolowetsa pafoni pomwepo, m'mapulogalamu olembera mbalame monga eBird kapena BirdLasser? Mapepala ndi achikale.

Daka:
Mudzalowetsa madzulo kunyumba. Foni padzuwa imatentha, sikirini siioneka, ndipo masekondi amene mwaweramira foni ndi amene chiwombankhanga chimadutsa. eBird ndi yabwino mukasankha kuwerenga koima malo amodzi ndi kuika nthawi yeniyeni, mndandanda umodzi pa ola. BirdLasser ndi yolembera mitundu m'timabokosi ta mapu, siinapangidwire mtsinje wa mbalame. Chopangidwira ntchito imeneyi ndi webusaiti ya Trektellen, imene a ku Batumi amagwiritsa, koma tiyambe taona ngati malo athu akubala kanthu tisanapite kumeneko.

Zulu wa ku Chongwe:
Tsopano zozindikira, poti apa ndi pamene mapepala ambiri amanama. Ndiyambe ndi ziwombankhanga zofiirira, zimene zimavutitsa ngakhale akatswiri.

Wahlberg's eagle ndi ya mu Africa momwemuno. Imabwera Ogasiti, imaswera kuno, imachoka Malichi ndi Epulo kupita kumpoto kwa equator. Ndi yaing'ono, mapiko owongoka ofanana m'lifupi kuyambira pathupi mpaka kunsonga, mchira wautali wopapatiza umene imakonda kuutseka. M'mwamba imaoneka ngati mtanda. Mtundu wa nthenga musaudalire, ilipo yakuda, yofiirira, ndi yoyererako.

Lesser spotted eagle imachokera kummawa kwa Ulaya, ndipo Zambia ndi limodzi mwa maiko amene imathera dzinja. Mapiko otambalala, mchira waufupi wozungulira, nsonga za mapiko zogwera pansi ikamatsetsereka. Kunsi kwa phiko, nthenga zakutsogolo ndi zowala kuposa nthenga zazikulu zakumbuyo, ndipo pachigongono pali timizere tiwiri toyera topindika. Pamwamba, kachigamba koyera patsinde pa nthenga zakunsonga ndi kamzere koyera patsinde pa mchira. Ikatera, miyendo ndi yoonda, nthenga zomatirira, ndipo mphuno ndi yozungulira.

Steppe eagle ndi yaikulu, mapiko aatali, zala za kunsonga zazitali. Yaing'ono msinkhu ndi yosavuta: ili ndi mzere woyera wotambalala wodutsa pakati pa phiko kunsi. Yaikulu ndi yakuda, mizere yopingasa pa nthenga zazikulu, ndi mkombero wakuda kumbuyo kwa phiko. Chosiyanitsa ndi tawny eagle ya kuno ndi mlomo: chikasu cha m'mbali mwa kamwa chimafika mpaka kumbuyo kwa diso, pamene cha tawny chimathera pakati pa diso. Izi zimaoneka pachithunzi chabwino kapena itatera, osati ili kilomita imodzi m'mwamba. Steppe eagle inaikidwa pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse losamala zachilengedwe, wa zomwe zili pangozi yotha mu 2015, ndiye iliyonse imene mwalemba ikhale yotsimikizika. Imachokanso msanga, Febuluwale ndi kuchiyambi kwa Malichi, choncho tikachedwa kuyamba tiiphonya.

Ngati simunaone chimodzi mwa zizindikirozi ndi maso anu, lembani "chiwombankhanga chofiirira, mtundu sunadziwike". Pepala limene mbalame zonse zili ndi maina ndi lokayikitsa kuposa lokhala ndi zosadziwika.

Anaphiri:
Ndiwonjezere ziwiri zimene zimasokonezedwa kwambiri, steppe buzzard ndi honey buzzard. Steppe buzzard ndiyo idzachuluke papepala. Ndi yonenepa, mutu waukulu wolowa m'mapewa, mchira waufupi nthawi zambiri wofiirira, ndipo pozungulira imakweza mapiko pang'ono m'mwamba. Honey buzzard mutu ndi waung'ono wotulukira kutsogolo pakhosi lalitali, mchira wautali wokhala ndi mizere iwiri patsinde ndi umodzi wotambalala kunsonga, ndipo pozungulira mapiko amakhala athyathyathya, potsetsereka amagwa pang'ono. Imapinda mchira uku ndi uku powongolera. Nthawi ikuthandizaninso: steppe buzzard ambiri amakhala atapita pofika kuchiyambi kwa Epulo, honey buzzard ndi yochedwa, chifukwa chakudya chake ndi ana a mavu ndipo kwawo mavu amachedwa kuyamba.

Za akabawi a mchira wa mphanda: wa mlomo wachikasu ndi wa mu Africa, amafika Julayi ndi Ogasiti, amachoka Febuluwale ndi Malichi. Black kite wochokera kumpoto ali ndi mlomo wakuda kunsonga ndi mutu wotuwa. Msampha ndi woti ana a wa mlomo wachikasu nawonso mlomo wawo ndi wakuda, ndipo mwezi uno ana ali ambiri. Mukaona mlomo wakuda musathamangire kulemba black kite.

Agogo Njobvu:
Ndipo madokowe. White stork ndi Abdim's stork amanyamuka nthawi yomweyi, amazungulira mumpweya womwewo, magulu aakulu kuposa a mbalame zathu. Patali munthu watsopano amafuula kuti ziwombankhanga zana. Yang'anani khosi lotambasuka ndi miyendo yotulukira kumbuyo kwa mchira. Awerengeni, alembeni m'munsi, ndipo muwayang'anitsitse chifukwa pakati pawo pamabisala chiwombankhanga chimodzi kapena ziwiri.

Sakala:
Funso la kuwerenga gulu lozungulira. Zikakhala makumi angapo zikuzungulira, zina kutsogolo zina kumbuyo, munthu amasokonezeka pofika pa 15. Mumatani?

Zulu wa ku Chongwe:
Simuwerenga zikuzungulira. Ng'ombe sitiziwerengera m'khola zikupiringizana, timaima pachipata zikutuluka. Gulu likafika pamwamba pa mpweya, mbalame zimachoka imodziimodzi kapena zingapo, zonse kulowera mbali imodzi mumzere. Ikani bainokyula pamalo amodzi kutsogolo kwa mzerewo, musaisunthe, muwerenge zodutsa. Nthawi imene zikuzungulira igwiritseni pozindikira mitundu, poti ndi pamene zimaonetsa pamwamba ndi kunsi kwa mapiko.

Pamafunika anthu atatu. Woyamba awerenge zonse osasamala mtundu, ndi kauntala ya m'manja yodina ndi chala. Wachiwiri ali pa telesikopu, atchule zosiyana ndi zambirizo. Wachitatu alembe, ndipo apitirize kuyang'ana thambo lonse, chifukwa anthu onse akaloza gulu limodzi zina zimadutsa kumbuyo. Ngati gulu lalowa mumtambo musanaliwerenge, yerekezani: werengani 10, onani malo amene zatenga, muone malo otero alipo angati. Palembedwe kuti ndi choyerekeza. Dziwaninso kuti diso limachepetsa gulu lalikulu, kawirikawiri silichulukitsa.

Gulu limodzi likhoza kuwerengedwa kawiri likapeza mpweya wina mutalilemba kale, n'kuyambanso kuzungulira kumpoto kwanu. N'chifukwa chake chilichonse chimene chadutsa mzere sitichiwerenganso. Malo awiri akakhala oyandikana, osakwana makilomita 10, lembani mphindi yeniyeni ya gulu lililonse lalikulu, a Daka adzachotse zobwereza.

Mwale wa ku Chelstone:
Za zida, atsopano akufunsa chogula.

Daka:
Bainokyula ya 8x42 kapena 10x42. Ya 8 imaona malo otambalala ndipo siinjenjemera, ndi yabwino posaka m'thambo. Ya 10 imathandiza pozindikira. Zija zolembedwa manambala aakulu monga 20x50 kapena zosintha kukula, zogulitsidwa m'mbali mwa msewu, musataye ndalama: chithunzi chimagwedera, magalasi awiri saloza pamodzi, pakatha ola mutu ukuwawa. Poyesa, yang'anani waya wa magetsi patali, mutalikitse bainokyula pang'ono kumaso. Waya ukaoneka wothyoka, mbali ina pamwamba ina pansi, isiyeni.

Telesikopu imodzi pa gulu yakwana. Ngakhale ikhale yokuza mpaka ka 60, masana musapitirire ka 30, chifukwa mpweya wotentha umavinitsa chithunzi ndipo kukuza kumangokuza kuvinako. Posaka, ikani bainokyula pa chinthu chakutali kwambiri kaye, monga mtambo, apo ayi mbalame idzadutsa m'galasi osaiona. Sesani thambo m'mizere itatu: m'munsi motsata mapiri, pakati, ndi pamutu, mphindi zisanu zilizonse. Mpando wotsamira kumbuyo umapulumutsa khosi. Madzi malita atatu munthu mmodzi, chipewa, ndipo mbalame ikalowera kudzuwa isiyeni. Dzuwa m'bainokyula limawotcha diso nthawi yomweyo.

Anaphiri:
Sitinanene za timphamba tating'ono, ndipo njira yonse imene tafotokozayi sitigwira. Amur falcon, lesser kestrel ndi red-footed falcon sizidalira kwenikweni mpweya wokwera, zimapalasa, zimadya zikuuluka, ndipo gulu likapeza inswa kapena atombolombo limazungulira pamenepo ola lonse. Simungadziwe ngati likupita kapena likudya. Zimenezi timaziwerengera pogona. Zimagona pamodzi m'mitengo italiitali, makamaka ya bulugamu, nthawi zambiri pafupi ndi nyumba za anthu. Masana muzione pa mawaya a magetsi m'minda ya ku Chisamba kapena kuzungulira Kafue Flats, madzulo mutsate komwe zikulowera.

Mukapeza pogona, fikani ola limodzi dzuwa lisanalowe, ndiye kuti cha m'ma 17:15 mwezi wa Malichi. Imani mamita 100 kapena kuposa, mitengo ikhale pakati pa inu ndi kumadzulo kuti mbalame zioneke pathambo lowala. Vuto ndi loti zimasonkhana m'mwamba, kuzungulira, n'kugwera m'mitengo kutada, zina n'kudzukanso. Ndiye m'mawa ndi bwino: mufike kusanache, zimatuluka mbali imodzi m'mphindi zochepa. Owerenga awiri awerenge payekhapayekha osauzana, kenaka afananitse. Tochi ndi kuwala kwa kamera ayi, zikadzidzimuka usiku zimagunda nthambi ndi mawaya.

Amur falcon yamphongo ndi yotuwa yakuda, koma kunsi kwa phiko kutsogolo ndi koyera. Red-footed yamphongo pamenepo ndi yakuda, ndipo imakonda chakumadzulo, ku Angola, Namibia, Botswana ndi kumadzulo kwa dziko lino. Mitundu muiwerenge kukadali kowala, mupeze kuti pa 100 zilizonse zingati ndi za mtundu uti, chifukwa kukada zonse ndi zofanana.

Agogo Njobvu:
Kambalame ka Amur falcon kameneka kamandichititsa ulemu. Sikafika magalamu 200, koma kamaswera kummawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa India, n'kuoloka nyanja makilomita pafupifupi 3,000 osatera mpaka ku Somalia, kenaka kuno. Ku Nagaland m'dziko la India, pa damu la Doyang, zinadziwika mu 2012 kuti anthu ankakola zoposa 100,000 m'nyengo imodzi ndi maukonde. Midzi yomweyo, monga Pangti, inasiya ndipo lero ndi imene ikuzilondera. Kugona pamodzi kuli ndi ngozi yake ina: mu Malichi 2019 matalala anapha zambirimbiri pogona ku Mooi River ndi ku Newcastle ku South Africa, zitatsala pang'ono kunyamuka. Choncho amene mwapeza pogona musaike malo enieni pa Facebook. Uzani a Daka ndi a bungwe losamala mbalame la BirdWatch Zambia basi. Mtengo umodzi wodulidwa kapena anyamata a malegeni usiku umodzi, zatha.

Sakala:
Agogo, apa nditsutseko pang'ono. Mwini mitengo akapanda kudziwa kuti mbalamezo ndi zofunika, adzaidula chifukwa cha zitosi ndi phokoso. Kubisa sikuteteza. Ku Nagaland komwe mwatchulako zinasintha chifukwa nkhani inatuluka.

Agogo Njobvu:
Mwanawe, sindinati mubisire mwini mitengo. Iyeyo ndi anyakwawa auzidwe, ndipo muwauze chimene chingawakhudze: timbalameti sitigwira anapiye, timadya ziwala, inswa ndi mbozi za m'munda, ndipo pofika pakati pa Epulo tidzakhala titapita tokha. Chimene ndikukana ndi kuika mapu pa intaneti kuti aliyense wa galimoto akafike ndi kamera pansi pa mtengo.

Zulu wa ku Chongwe:
Onse mukunena zoona, koma za anapiye musalonjeze mopitirira. Kabawi wa mlomo wachikasu amatenga anapiye, mlimi amadziwa, ndipo mukakana adzaleka kukukhulupirirani pa zina zonse. Muuzeni kusiyana kwake, ndipo mumuuze chothandiza: anapiye akhale m'chitatanga kapena pansi pa zitsamba masabata oyamba.

China: mukapeza mbalame yakufa kapena yofooka, onani miyendo. Ikakhala ndi mphete yachitsulo, lembani manambala onse ndi adiresi yolembedwapo, jambulani, tidzatumize ku SAFRING, bungwe losunga kaundula wa mphete za mbalame ku Cape Town, iwo amalumikizana ndi maiko ena. Ikakhala pansi pa mtengo wa magetsi, onani ngati nthenga kapena mapazi zapsa, mulembe nambala ya mtengowo. Mukapeza zingapo zakufa pafupi ndi nyama yowola, ndi poizoni, musagwire ndi manja, thamangitsani agalu, muimbire a dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Kusunga kapena kunyamula mbalame zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la nyama zakutchire la 2015, ndiye musaike m'galimoto poganiza kuti mukuthandiza musanawadziwitse.

Daka:
Pa ndandanda pali vuto limodzi, a Mwale. Loweruka ndi Lamlungu okha ndi masiku awiri pa asanu ndi awiri, ndipo mbalame sizidziwa kalendala. Tsiku lalikulu likagwa Lachitatu pambuyo pa mvula, pepala lathu lidzaonetsa ngati chaka chinali choipa. Sitingathetse zimenezi kotheratu, koma tingachepetse. M'malo mwa malo anayi a kumapeto kwa sabata, tikhale ndi amodzi oyandikira amene munthu mmodzi kapena awiri angafike masiku apakati kuyambira 09:00 mpaka 11:30, ndi ena amodzi akutali a Loweruka. Owerenga akasinthana, watsopano aime ndi wakale tsiku limodzi, kuti mzere ndi lamulo la "zapamalo" zikhale zofanana. Apo ayi kusiyana kumene tidzaone kudzakhala kwa maso a anthu.

Anaphiri:
Ndikuvomereza. Oyandikira akhale ku Leopards Hill, akutali ku Munali. Amene ali ndi abale ku Mbala kapena ku Mpulungu awafunse ngati alipo angaime kumeneko masiku angapo mu Malichi. Nyanja ya Tanganyika ndi yaitali ndipo mbalame zopewa madzi ziyenera kusankha mbali, ndiye ngati m'dziko muno muli malo opanikizana, ndi kumeneko koyenera kuyesa.

Mwale wa ku Chelstone:
Zamveka. Loweruka lino tikaone malo a ku Leopards Hill ndi kusankha zizindikiro za mzere, tikumane 07:30 pa masitolo a Crossroads. A Zulu abweretse telesikopu, a Daka asindikize mapepala 30 ndi danga la "zapamalo" ndi la madokowe. Makauntala a m'manja tili nawo awiri, akufunika ena awiri, amene ali nawo anene pano. Za ku Munali tikufuna galimoto ya anthu anayi ndi munthu woti akaonekere kwa eni malo sabata isanafike.